Za Chiphaso Chotha Masiku ndi Ana Athu a ku Joni



Mwezi wathawu, titatsiriza maliro a mkulu wina wa mudzi woyandikana ndi wathu, mai wamasiye adandiitanira kuseri kwa nkhokwe nandifunsa funso limene landikhala mumtima kufikira lero. Mwana wao wachisamba ali ku Joni chaka chachinai tsopano. Uthenga wa imfa ya atate ake udamfika tsiku lomwelo, pakuti masiku ano foni ithamanga koposa mthenga aliyense. Ndalama za bokosi ndi za ufa wa pamaliro adatumiza dzuwa lisanalowe. Koma iye mwini sadaoneke. Tsono maiwo adati: Aphunzitsi, inu mudziwa za makalata. Mwanayu akuti chiphaso chidatha. Kodi chiphaso chikatha, si ndiyo nthawi yakuti munthu abwere kwao? Nanga bwanji iye akuti chifukwa chatha sangathe kubwera?

Ndidayankha zimene ndidakhoza pomwepo, koma ndidaona kuti sadakhute. Pobwerera kunyumba ndidaganiza kuti m'midzi mwathu muli amai ndi abambo ambiri osenza funso lomweli. Ena ayesa kuti mwana wawataya, ena akaikira mpongozi kuti wamdyetsa mankhwala, ena angoti mwanayo adauma mtima. Chifukwa chake ndati ndilembe nkhani ino bwinobwino, kuti zolakwa za ana athu tizitche zao, ndipo zimene zichokera ku malamulo a maiko tizidziwe kuti ndi za malamulo.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ife a kumudzi tizitcha dzina limodzi. Pali pasipoti, ndiko kabuku kamene Boma la Malawi lipatsa nzika yake. Kabuku kameneka kangonena kuti mwini wake ndani ndi kuti kwao ndi kuno, ndipo kwa munthu wamkulu kagwira ntchito zaka 10. Pali tsono chilolezo, chimene sichichokera kwa Boma lathu ai, koma kwa eni dziko limene munthu alowamo. Mlendo akafika m'mudzi, dzina lake ndi mfunda wake adza nazo yekha. Koma kuti agone masiku angati, ndi kuti aloledwa kulima kapena iai, mau amenewo ndi a mfumu ya pamudzipo. Pasipoti ndilo dzina ndi mfunda. Chilolezo ndicho mau a mfumu. Munthu angathe kukhala ndi pasipoti yatsopano yonunkhira inki, koma chilolezo chake chidatha kalekale. Ndipo ambiri a ana athu ali otere.

Mnyamata akakwera basi ku Blantyre, atulukira pa Mwanza, alowa pa Zobue, aoloka Zambezi pa Tete, alowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, apitirira Harare, ndipo pa tsiku lachiwiri afika pa Beitbridge, pamene mtsinje wa Limpopo ulekanitsa Zimbabwe ndi South Africa. Pamenepo mlonda wa pachipata adinda chidindo m'kabuku kaja, nalemba tsiku. Mmalawi salipitsidwa viza polowa ngati mlendo, koma masiku amene apatsidwa saposa 30. Ndipo masiku amenewo ndi a kucheza, kuona abale, kugula katundu. Si a ntchito ai. Lamulo lao la za olowa ndi otuluka, la chaka cha 2002, liletsa mlendo wotere kulembedwa ntchito, liletsanso bwana kumlemba. Chilolezo cha ntchito chipemphedwa munthu akali kwao, ndipo munthu wosamalira maluwa pa nyumba ya bwana, wosoka zovala, wolonda pa geti kapena wophika sachipeza mosavuta. Tsono mnyamata wathu, amene adagulitsa mbuzi za amake kuti apeze ya basi, sadapitire kucheza. Mwezi woyamba ukutha ali pofunafuna ganyu. Tsiku la m'chidindo lifika, lipita, iye osatembenuka.

Kale munthu wopitiriza masiku ankalipitsidwa chindapusa, ndipo atalipira adali womasuka kubweranso. Koma m'mwezi wa Meyi 2014 Boma la South Africa lidaika malamulo atsopano, nilichotsa chindapusa chija, niliika chiletso m'malo mwake. Tamverani muyeso wake. Wopitiriza masiku osaposa 30 alembedwa kuti ndi munthu wosafunika m'dzikomo kwa chaka chimodzi. Akachitanso zomwezo isanathe miyezi 24, chiletso chikhala zaka ziwiri. Koma wopitiriza masiku oposa 30 atsekeredwa kunja zaka zisanu.

Tiyese kuti mnyamata adalowa pa 3 Marichi, ndipo m'chidindo mudalembedwa 2 Epulo. Akatuluka pa 20 Epulo wapitiriza masiku 18, ndipo chaka chimodzi chamgwera. Akatuluka pa 10 Meyi wapitiriza masiku 38, ndipo zaka zisanu zamgwera. Nanga akatuluka patapita zaka zinai, monga mwana wa mai uja? Chiletso cha pachipata chikhala chomwecho, zaka zisanu. Apa ndipo pagona nkhani yonse, abale anga. Chiletso chimenechi sichimpeza munthu ali m'kati, chimdikira pachipata tsiku lotuluka. Ndipo mwezi wachiwiri ukangotha, wobwera msanga ndi wochedwa alandira muyeso umodzi. Tsono mnyamata awerenga chotere: ndikapita ku maliro, ndidzaika atate anga m'manda, koma ntchito ndataya, ndipo zaka zisanu sindidzatumiza kanthu kwa amai, alongo anga adzaleka sukulu, feteleza sadzagulidwa. Ndikakhala, anthu adzanditcha mwana wopanda chisoni, koma bokosi ligulidwa. Ine sindinena kuti asankha bwino, pakuti kuswa lamulo la eni dziko ndi kulakwa ndithu, ndipo iye adadziwa kuti masiku ake ndi owerengeka. Ndingonena kuti amene sadaimepo pa mphambano yotere asafulumire kumtukwana pa bwalo la maliro.

Pali khomo laling'ono kwa amene adachedwa pa chifukwa chomveka, monga wogonekedwa m'chipatala kapena wodikira yankho la pempho limene adapereka nthawi ikadalipo. Wotere angathe kulembera ofesi yao ya Home Affairs kupempha kuti chiletso chichotsedwe, ataphatikiza kalata ya dokotala kapena risiti la pempho lake. Koma khomo limeneli ndi la anthu osunga mapepala, ndipo mau apakamwa okha salitsegula.

Moyo wa munthu amene masiku adatha

Pa zithunzi zimene atitumizira pa foni ana athu avala bwino, aima pafupi ndi galimoto za eni ake. Zimene sajambula ndi izi. Munthu wopanda chilolezo ayenda ndi maso kumbuyo. Sangathe kutsegula buku ku banki m'dzina lake, choncho malipiro ake apitira m'dzina la mnzake, kapena agona pansi pa matiresi m'kanyumba ka malata kamene moto ndi akuba adziwa njira yake. Bwana woipa akakana kumlipira mwezi wonse, iye aopa kukadandaula, ngakhale makhoti a ntchito a kumeneko adagamula kale kuti wogwira ntchito ali ndi ufulu wa malipiro ake ngakhale mapepala ake adatha. Akagwidwa ndi apolisi angathe kuzengedwa mlandu, pakuti kukhala m'dzikomo popanda chilolezo ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende. Oyembekezera kubwezedwa kwao asonkhanitsidwa ku Lindela, pafupi ndi Krugersdorp, dzina limene mnyamata aliyense wa ku Mangochi kapena ku Mzimba alidziwa asanaone Joni. Lamulo lilola kusunga munthu podikira kubwezedwa masiku osaposa 120 onse pamodzi, ndipo m'chaka cha 2017 khoti lao lalikulu lidagamula kuti womangidwa chotere aonekere pamaso pa woweruza asanathe maola 48. Zimenezi abale azidziwe, kuti mwana akasowa pa foni adziwe kofunsa.

Pamene pali mantha sipasowa odyerapo. Alipo anthu amene atolera mapasipoti, nati perekani ndalama, ife tikadinditsa pachipata inu muli pa ntchito. Ena agulitsa chilolezo chomata m'kabuku, chokongola ngati chenicheni. Ndinena mosabisa: chidindo chimene munthu sadaimire yekha pamaso pa mlonda ndi chinyengo, ndipo tsopano zolowa ndi zotuluka zilembedwa m'kompyuta, kotero kuti inki ya m'kabuku ikasiyana ndi zolembedwazo mwini kabuku ndiye agwidwa, wodinditsa ali kwina. Wopezeka ndi chilolezo chabodza mlandu wake uposa wa wopitiriza masiku, pakuti wotere aletsedwa kulowanso popanda kuikirapo zaka. Inu makolo, mwana akapempha kuti mugulitse ng'ombe kuti akonze mapepala kwa munthu wina wodziwa njira, mufunse kuti munthuyo akhala mu ofesi iti.

Ndipo pasipoti yomwe nayonso itha. Zaka 10 zioneka zambiri munthu akuchoka, koma zitha ngati chimanga cha m'nkhokwe. South Africa afuna kuti pasipoti ya mlendo ikhale ndi masiku osachepera 30 otsalira kupitirira tsiku lotuluka. Amene pasipoti yamthera ali komweko ayenera kupita ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg, ndipo wofuna kungobwerera kwao angathe kupempha kalata yapadera ya ulendo umodzi. Pano tivomere kuti nthawi zina vuto lichokera kwathu konkuno. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti idaima kwa masabata angapo, ndipo m'mwezi wa Febuluwale Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa kompyuta adalowerera makina ake nafuna dipo. Ophunzira, odwala ndi amalonda adadikira, ndipo amene adali kunja ndi kabuku kotsala masiku ochepa adagona osatseka maso. Mlonda wa dziko la eni safunsa kuti makina a kwanu adatani; aona tsiku lokha.

Ena afunsa kuti bwanji anzathu a ku Zimbabwe agwira ntchito ndi mapepala. Iwo adapatsidwa chilolezo chapadera chimene Boma la South Africa lidavomereza m'chaka cha 2009, pamene chuma cha dziko lao chidagwa. Chidasinthidwa dzina mu 2014 ndi mu 2017. A ku Lesotho adalandira chao mu 2016. Amalawi sadapatsidwe chotere, ndipo aliyense wokuuzani kuti alembetsa maina a Amalawi pa chilolezo chonga chimenecho mumuyang'ane kawiri. Komanso musayese kuti a ku Zimbabwewo agona tulo. M'mwezi wa Novembala 2021 Boma lidalengeza kuti chilolezo chao chitha, ndipo anthu pafupifupi 178,000, ena okhala ndi ana obadwira komweko, adauzidwa kukonzeka. Mu Juni 2023 khoti la ku Pretoria lidati nduna idalakwa posamva mau a eni ake isanagamule. Masiku adaonjezedwa kufikira Novembala 2025, ndipo mu 2025 adaonjezedwanso kufikira Meyi 2027. Munthu amanga nyumba bwanji, alembetsa mwana sukulu bwanji, pamene kukhala kwake kuonjezedwa pang'onopang'ono ngati ngongole ya pa sitolo?

Ulendo wa makolo athu

Ulendo wa kummwera si wa lero. M'chaka cha 1935 Bwanamkubwa wa Nyasaland adaika akuluakulu kuti afufuze za amuna ochoka m'dziko, ndipo iwo adayerekeza kuti amuna 120,000 adali kunja, ndiko kuti oposa mmodzi mwa anai aliwonse. Msonkho wa nyumba udawatulutsa, ndi kusowa kogulitsa mbeu. Ena adapita ndi Wenela ku migodi ya golide ya ku Joni, ena ndi Mthandizi ku mapulazi ndi migodi ya ku Halale, ndipo ambiri adapita pa selefu, pansi, masabata ambiri m'thengo la mikango. Kuyambira pamenepo chinenero chathu chidalandira mau akuti mtchona.

Wenela sindimtamanda. Amuna adagona m'komboni ngati ng'ombe m'khola, ambiri adabwera ndi chifuwa cha fumbi la mgodi, ena sadabwere konse. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa pa Francistown, nipha Amalawi oposa 70 amene adali pa ulendo wobwerera kwao, ndipo Dr. Banda adaletsa kulemba anthu, pamene Amalawi a m'migodi adali oposa 100,000. Kulemba kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene ife tidalitcha Theba, nikutha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Koma chinthu chimodzi tichione. Pepala la Wenela likatha, munthu ankabwezedwa kwao, ndipo gawo la malipiro ake ankalilandirira kuno. Kutha kwa pepala kudali kubwera kwa munthu. Ndicho chifukwa chake mai uja, amene atate ake adayendapo ndi Wenela, adafunsa monga adafunsira. Pepala la lero likatha, limanga munthu komweko.

Zimene zidagwera ana a matchona ku Zimbabwe

Tsopano ndifuna mukhale chete, pakuti apa ndipo tiona kumene njira imeneyi ikathera pakapita mibadwo iwiri kapena itatu.

Amuna a kwathu amene adatsalira ku Halale adakwatira, nabala ana m'mapulazi a fodya, m'migodi ya Hwange, Shamva ndi Mhangura, ndi m'malokeshoni a Mbare, Highfield ndi Mufakose. Adamanga mipingo ndi mizikiti, adavina gule wamkulu kutali ndi dambwe la kwao, ndipo zidzukulu zao zina zilankhula Chichewa kufikira lero zisanaonepo Nyanja. Palibe amene adawafunsa pepala pamene ankathyola fodya. Mzamba wa pa pulazi adalandira mwana, bwana adamlemba m'buku la ntchito atakula, basi. Ambiri sadalembetse kubadwa kwa ana ao, pakuti ofesi idali kutali ndipo sadaone chifukwa chake.

M'chaka cha 2000 mapulazi a Azungu adayamba kulandidwa, ndipo antchito adatsala opanda ntchito, opanda nyumba. Eni dziko adali ndi kumudzi kothawira. Ana a matchona adalibe. Chaka chomwecho Pulezidenti Robert Mugabe adawanyoza poyera kuti ndi anthu opanda mfunda, mau amene adapweteka kwambiri a Phiri, a Banda ndi a Mwale obadwira m'dzikomo. Tsono mu 2001 Boma lidasintha lamulo la unzika: aliyense amene akadatha kuwerengedwa nzika ya dziko lina adapatsidwa miyezi 6, kufikira Januwale 2002, kuti akakane unzika winawo motsata malamulo a dzikolo, apo ai ataya wa Zimbabwe. Taganizani munthu wobadwira pa pulazi pafupi ndi Bindura, wosadziwa kuwerenga, amene atate ake adachoka ku Ntcheu iye asanabadwe. Auzidwa kukakana Malawi, dziko limene sadaliponde. Akafika ku ofesi ya kazembe wa Malawi, amfunsa umboni wakuti ndi Mmalawi, ndipo alibe. Sangathe kukana chimene sangathe kutsimikiza kuti ali nacho. Miyezi idatha. Pa chitupa chake padalembedwa kuti ndi mlendo, nachotsedwa m'kaundula wa voti. Ndipo mu 2005, pamene Boma lidagumula nyumba za m'mizinda pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, anthu adauzidwa kubwerera kumudzi kwao, ndipo iwo adafunsana kuti kumudzi kuti.

Ife tingayese kuti akadangobwera kuno. Ena adabweradi, nafika ndi dzina la mudzi limene agogo ao adawauza, napeza kuti mfumu ndi ina, munda udagawidwa, ndipo monga mwa mwambo wathu wa chikamwini malo ayendera kwa amai, pamene amai ao adali a ku Zimbabwe kapena a ku Mozambique. Ndi lamulo lathu la unzika la 1966 silidawakumbatire onse: lipatsa unzika mwana wobadwira kunja ngati atate kapena amai ake ndi nzika mwa kubadwa, koma silitsata mibadwo yonse popanda malire. Choncho padatuluka anthu amene Zimbabwe ati ndi a ku Malawi, Malawi ati sitiwadziwa.

Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adakonza zina, pakuti adati wobadwira m'dzikomo malamulowo asanafalitsidwe, amene kholo lake lidali nzika ya dziko la m'chigawo chino cha SADC, ndipo iye akhala momwemo, ndi nzika mwa kubadwa. Koma kuti munthu alandire chitupa chatsopano afunsidwa kalata ya kubadwa. Kuti apeze kalatayo afunsidwa mapepala a makolo amene adamwalira kale opanda pepala. Mu 2021 bungwe la Amnesty International lidafalitsa zimene lidapeza pa nkhaniyi, nilitchula chiwerengero cha bungwe la United Nations loona za othawa kwao, chakuti anthu pafupifupi 300,000 m'Zimbabwe adali pa ngozi yokhala opanda dziko, ndipo pakati pao padali ana a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mai wopanda kalata sangathe kulembetsa mwana wake mosavuta. Mwanayo avutika kulemba mayeso a Boma. Atakula abala wina wopanda kalata. Kusowa pepala kuyenda m'banja ngati nthenda ya kumtundu.

Ndikamva lero kuti mdzukulu wabadwa ku Cape Town kapena ku Durban, ndikondwera pamodzi ndi agogo, koma mtima wanga uthamangira ku Mbare. Kubadwira ku South Africa sikumpanga mwana kukhala nzika ya kumeneko ngati makolo onse ndi alendo. Lamulo lao liti kubadwa kulembetsedwe asanathe masiku 30. Litinso mwana wa alendo amene wakhala m'dzikomo kuyambira kubadwa kufikira zaka 18 angathe kupempha unzika, koma pokhapo ngati kubadwa kwake kudalembetsedwa. Makolo amene masiku ao adatha aopa kuyandikira ofesi, ndipo mwana akula ndi kadi la sikelo lokha. Zoona, mu Disembala 2019 khoti la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, ndipo chigamulo chimenecho ndi chabwino. Koma sukulu itha, ndipo mnyamata wa zaka 18 wopanda dzina m'kaundula wa dziko lililonse alowera kuti? Kuno kwathu zinthu zidafewerako: kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi akhale ndi unzika wa maiko awiri, kotero kuti mwana sayenera kutaya kuno kuti asunge uko. Koma mwai umenewu ufunanso umboni wakuti kholo ndani.

Apa ndipo ntchito ya ife otsala ionekera, ndipo si yolemetsa. Mwana asananyamuke, pasipoti yake ndi chitupa chake cha unzika zijambulidwe, chithunzi china chitsale m'bokosi la amai, pakuti kabuku kakapsa kapena kubedwa, nambala yake ifulumizitsa zonse ku ofesi ya kazembe. Ndiponso, Mulungu atiteteze, maliro akachitikira kunja mtembo suoloka malire popanda mapepala otsimikiza mwini wake. Poyankhula naye pa foni musafunse za ndalama zokha. Mufunse tsiku limene pasipoti itha, mulilembe pa chikuto cha buku la nyimbo. Mdzukulu akabadwa, muumirire kuti kalata ya kuchipatala isungidwe, kubadwa kulembetsedwe, ndipo dzina la mudzi, la mfumu ndi la boma zilembedwe poti mwanayo adzazipeze. Ine ndaona anthu atabwera ku parishi kudzafufuza m'mabuku a ubatizo dzina la agogo ao, chifukwa ofesi ina kutali idafuna umboni wa kumene banja lidachokera. Ena tidawapeza m'masamba ofiira ndi ukalamba, olembedwa ndi dzanja la Bambo amene adagona kale, ndipo ena sitidawapeze chifukwa munthuyo adasintha dzina pachipata. Kusintha dzina kapena chaka chobadwa pofuna pasipoti yachiwiri yozembera chiletso kuoneka nzeru lero, koma zala sizisintha, ndipo mwana wa munthu wa maina awiri adzasowa atate pa pepala.

Ndiponso, abale, tichepetse zopempha. Mwana amene foni yake ilira mwezi uliwonse, malata lero, njinga yamoto mawa, sangathe kusunga ndalama yobwerera nayo ndi kuyambira kanthu kuno. Ena a ife tidamanga nyumba za njerwa zootcha ndi masiku otha a ana athu, ndipo tidabwa kuti nyumbazo zilibe wogonamo.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, ndidapitanso kwa mai wamasiye uja ndi kuwafotokozera zonsezi pang'onopang'ono, tili pakhonde. Adamvetsera osandidula. Nditatsiriza adafunsa ngati zaka zisanuzo ziwerengedwa kuyambira tsiku limene chiphaso chidatha. Ndidati iai, mai, ziyamba tsiku limene mwana adzaima pachipata potuluka. Adawerenga ndi zala, natchula mwana wao wamkazi amene ali Folomu 2, nawerenganso. Kenaka adati chiliza cha malemu chidzamangidwa chaka chamawa anthu atakolola, ndipo adzaimbira mwanayo foni madzulo, mlamu wao akabwera nayo kuchokera kotchajitsa. Sadandiuze ngati adzamuitana kapena adzamuuza kuti akhale. Adangondipempha kuti ndikawafunire kalata ya ubatizo ya mwanayo, ndi kuwalembera pa pepala, m'zilembo zazikulu, zimene afunse za mdzukulu wao wobadwira ku Germiston, amene dzino lake loyamba adaliona pa chithunzi.